A Lazarous Miti ndi Galu wa Dona

A Lazarous Miti anafika ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mnyamata, atanyamula bulangete limodzi ndi kalata ya ubatizo. Anayamba ndi kutchetcha kapinga m'mayadi a azungu ku Kabulonga, kenaka analowa m'khitchini. Pamene dziko linkalandira ufulu anali khuki wodziwika, woti buledi wawo dona wa panyumba ya mzungu imene ankagwirapo ntchito ankanamiza alendo kuti waphika yekha. Mzunguyo sankalola ana a antchito pabwalo pake, choncho akazi awo, a Ennie, ndi mwana wawo Cathrine ankakhala ku Kalingalinga, m'kanyumba ka zidina kofolera ndi malata a migolo. A Lazarous ankapalasa njinga m'mawa ndi madzulo.

Panyumba ya mzunguyo panali galu wamkulu wa makutu ogwa, dzina lake Dyuki. Galuyo anali ndi mbale yake, thawulo lake ndi tsiku lake losamba. A Lazarous ndiwo ankamuphikira chiwindi chosakaniza ndi mpunga, ndipo poyamba ankangoseka, n'kumati azungu ali ndi misala yawo.

Kuseka kunatha chaka chimene Cathrine anadwala chikuku. Thupi litatentha kwambiri, a Lazarous anapempha dona kuti awathandize galimoto kupita kuchipatala. Dona anawapatsa mapilitsi awiri n'kuwauza kuti mabasi alipo. Anamutengera mwanayo panjinga, amake atamubereka kumbuyo, ndipo Mulungu anachita chifundo, anachira. Koma patangopita sabata Dyuki anaponda botolo losweka, ndipo a Lazarous anaona ndi maso awo galu akukwezedwa pampando wakutsogolo, dona akulira. Kuyambira tsiku limenelo, galuyo akalowa m'khitchini dona kulibe, ankalandira chidendene cha m'nthiti. Iwo eni ankaulula zimenezi atakalamba, akupukusa mutu.

Mu 1967 azungu aja anamanga katundu kubwerera kwawo. Galu sakanatha kupita naye. Dona anapatsa a Lazarous chingwe ndi kakalata, kuti akamusiye kwa dokotala wa ziweto akamubaye jekeseni yoti asadzukenso. A Lazarous analandira chingwecho mtima uli mbee.

Ananyamuka wapansi dzuwa likuswa mtengo. Dyuki ankayesa ndi ulendo wokayenda, ndiye ankathamangira kutsogolo, n'kubwerera, mchira uli pukupuku. Atayenda ndithu, anakhala pansi pa mtengo kuti apumeko. Galu anagona pafupi, n'kutsamiritsa chibwano chake pa phazi lawo, phazi lomwe lija linkamumenya. A Lazarous anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe," anatero, "motoka ija unapempha ndiwe? Chiwindi unachita kuitanisa?"

Galu anangogwedeza mchira.

"Lelo batichosa nchito tonse babili. Tiye kunyumba."

Kakalata kaja anakang'amba, n'kukhotera njira ya ku Kalingalinga.

Atafika anapeza a Ennie akuchapa panja. Ataona galuyo anaimirira, manja ali thovu lokhalokha.

"Batate bake Cathrine, uyu si uja wamene anali kudya chiwindi mwana wanga ali pafupi kufa?"

"Ni yemwe."

"Manje mufuna nizimuphikila ine?"

"Iyai. Bana bazayamba kudya, ise tizadya, yeve azadya vamene vasala. Koma azadya."

A Ennie anakhuthula madzi ochapira pafupi ndi miyendo ya galuyo n'kulowa m'nyumba.

Moyo wa m'komboni unamuvuta Dyuki. Masiku atatu anakana mkute, akuununkhiza n'kuyang'ana a Lazarous ngati akufunsa kuti khitchini yasamukira kuti. Tsiku lachinayi anadya makoko a m'poto oviika mu msuzi wa kapenta, nanyambita ndi dothi lomwe. Nkhuku anali asanaionepo yamoyo, moti thadzi la anapiye linamuthamangitsa mpaka pansi pa wilibala, komboni yonse ikufa ndi phwete. Ana anamupatsa dzina latsopano loti Bwana, ndipo linakhazikika.

Woseka kwambiri anali a Mwewa, kalipentala wa Chibemba wa ku Kasama amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala popanda wokwiya, ndipo a Mwewa sankaphonya mpata.

"Imwe bakum'mawa mumanidabwisa," ankatero akupala thabwa. "Mbeba mumadya, imbwa mumalela monga mwana. Nanga mbeba ilibe bamai bake?"

"Na kolwe wamene mumadya kwanu ali na bambuya bake," ankabweza a Lazarous, kunena pusi.

Koma tsiku lina funsolo analiyankha mofatsa. Anati mbewa amadyadi, ndipo nkhuku anapha zambiri kuposa munthu aliyense mu Kalingalinga, koma sanaphepo chamoyo akuseka. Mkulu wina wa mpingo atawafunsa ngati akuganiza kuti galu ali ndi mzimu, anati zimenezo sakuzidziwa, sanaphunzire.

"Munthu ni munthu," anatero. "Nyumba ikapya nizayamba kuchosa mwana. Koma moto ukanipasa mpata, nizabwelela galu. Olo yeve akumva kupya."

Anapeza ntchito yophikira ana pasukulu ina yogonera komweko, ndipo madzulo ankabwera ndi mafupa m'kachitini. Bwana ankawachingamira pamphambano tsiku lililonse. A Ennie sanamutchulepo dzina galuyo, ankangoti "chimlendo chanu." Komabe oyandikana nawo ankawaona masana, amuna awo kulibe, akumuchotsa nkhupakupa m'makutu uku akumukalipira kuti akhale phee.

Bwana anafa mu 1973, mano atatha, maso atachita khungu. Anthu anati akamutaye kudzala monga agalu onse. A Lazarous anangotenga khasu n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba. Nthaka ya Okutobala inali gwa. Asanafike patali, a Mwewa anatulukira ndi piki paphewa.

"Chokaniponi," anatero. "Malilo ya bakum'mawa timakumba ndise. Uyu anali Mubemba olo wakwanu?"

"Anali kudya na ise."

"Ndiye ni wakwanu. Nipaseni malo."

A Mwewa anafunsa mwachipongwe ngati aitane kwaya. A Lazarous anakana, nati nyimbo ndi za anthu. A Ennie anatuluka ndi thumba lakale la ufa n'kuliponya pansi.

"Muvinikileni ichi," anatero, osayang'ana munthu. "Dothi isamungene m'maso."

A Lazarous sanawetenso galu wina. Anaphika pasukulu paja mpaka miyendo inayamba kutupa, kenaka anapuma. Zaka zawo zomaliza ankakhala pa mpando wa ndalema pakhomo, akusewera nsolo ndi a Mwewa ndi kulera adzukulu. Sanali munthu wolalata, ndipo analibe udindo uliwonse m'chipani kapena mumpingo. Koma mumsewu wawo, munthu akatola mwala kuti agende galu kapena mbuzi yolowa m'dimba, ankayamba wasuzumira pakhomo la a Miti. Akawaona ali pampando, mwalawo ankauponya pansi n'kuingitsa chiwetocho ndi pakamwa.