Chishalo chimene alamu anga anakana

Lachiwiri lapitali ndinapeza chishalo cha njinga chimene ndinagulira alamu anga, Che Mussa, chili pamsomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo, akangaude atamangapo kale nyumba. Eni akewo anali gone pamphasa, akulephera ngakhale kutembenuka. Msana.

Che Mussa ndi akabaza. Akhala akupalasa pakati pa Nkaya ndi Rivirivi kuyambira asanakwatire chemwali wanga, pamsewu wa miyala ndi maenje umene umagwedeza munthu mpaka mano. Chaka chatha nditaona kuti ayamba kuyenda chowerama, ndinawagulira ku Balaka chishalo chachikopa, cha masipuling'i awiri kunsi. Chinakhala panjinga masiku atatu okha.

"Iyayi alamu, chimenechi n'cha madala opita kumapemphero a Juma," anandiuza motero. "Chikumalira kwiii kwiii, anzanga pasiteji akundiseka kuti ndakwera bedi. Komanso pachitunda chikundidyera mphamvu."

Za pachitundazo sindikutsutsa. Ukamaponda molimba, masipuling'i amavina, ndipo mphamvu ina imathera pomwepo. Pa tala wopita ku Liwonde chishalo chouma chilibe vuto. Koma tala ameneyo mwamuonapo ku Rivirivi?

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthuwa kufewa amakudziwa bwino. Kaimeni pasiteji iliyonse muone njinga zawo. Kumbuyo, pokhala kasitomala, pali khushoni yonenepa, yamphonje, yopukutidwa m'mawa uliwonse, popondera mapazi pomwe. Mwini njinga, amene amakhala pamenepo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, amakhalira chikopa chouma gwa. Ena chikopacho chinatha kale, anangokulunga chitsulo ndi majumbo n'kumanga ndi mphira.

Munthu wokwera kamphindi amasamalidwa ngati dzira. Msana umene ukudyetsa ana asanu udzionera wokha. Ndiye ati umenewo ndi uchamuna.

Ifenso okwerafe tilibe manyazi. Timasankha njinga poyang'ana khushoni, n'kumadandaula bampu iliyonse. Ndani wa ife anayang'anapo chimene wakhalira munthu amene akutipalasirayo?

Lachiwiri lija ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. "Alamu, amene ankakusekani aja ali kuti lero?"

Amene anayankha ndi chemwali wanga, maso ali pansi. "Ali pasiteji, achimwene. Makasitomala a bambo a kunowa agawana kale."

Mawa lake tinawatengera kuchipatala kuti adokotala akatiuze ngati adzapalasenso. Galimoto kumeneko kulibe, choncho tinawakweza panjinga yawo yomwe, ine ndikupalasa pang'onopang'ono pachikopa chawo chouma chija. Tisanafike n'komwe pamlatho wapafupi ndi kwawo ndinali nditayamba kupalasa choimirira.

Iwo anali kumbuyo, atandigwira malaya. Titadutsa maenje angapo ndinamva akusisita khushoni ija ndi dzanja, khushoni imene anasoketsa okha koma anali asanaikhalirepo.

"Alamu," anatero chapansipansi, "kodi kumbuyo kuno n'kofewa chonchi?"