Maliro a Achimwene Nedson Anasowa Oyimba

Uthenga unandipeza Lachinayi masana ndili mu msika wa Limbe, ndikuoda tomato. Foni inalira, nambala yosaidziwa. Amvekere, "Ndi a Modesta? Kuno ndi ku bala kwa a Blackson. Achimwene anu agwa pa chiwaya, tathamangira nawo kuchipatala." Dengu ndinalisiya pomwepo. Pofika ine n'kuti atawafunditsa kale nsalu kumaso. Akuti ndi BP.

Ndikulemba izi chifukwa mbiri ya achimwene anga a Nedson sinanenedwe bwino kumanda. Amene anayimirira anangoti anabadwa, anakula, atisiya, basi, ngati akunena za nkhuku yofa ndi chitopa. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma achimwene anga ndinkawadziwa.

Tinabadwa awiri, ku Bangwe konkuno. Bambo anamwalira tili ang'ono, ndiye achimwene anasiyira sukulu panjira n'kuyamba maganyu. Ananyamulapo matumba ku Limbe, anaitanirapo minibasi, anakhalapo gadi ku Maselema mpaka akuba anawagulula dzino. Kenako a Blackson, eni bala ija ili kuseri kwa msika wa Bangwe, anawapatsa malo pakhonde kuti azikazinga. Apo ndi pamene manja awo anapeza ntchito yake. Chipisi, kanyenya wa mbuzi, Loweruka mang'ina. Dzuwa likangopendeka, makondakitala, amakanika, aphunzitsi amene, onse ankayamba aima pa utsi wa achimwene asanalowe mkati. Tsiku la mpira ndiye osanena, mbale zinkachita kudutsa pawindo.

Mowa sankamwa. Sindikuti anali mngelo ayi, anali ndi zilonda za m'mimba, akalawa botolo limodzi ankabuula mpaka tonse kusowa mtendere. Pakamwa pokha ndiye anali napo. Kasitomala akadandaula kuti nyama yachepa, amvekere, "Bwana, musandide ine, mbuziyi inali pa dayeti."

Chaka china pa bala panayamba kubwera a Eddie, bambo wina amene anakhalitsa ku Joni. Tsiku lina atakhala pa benchi amvekere, "Nedi, iwe chipisi tsiku ndi tsiku? Anzako ku Joni m'mabala timadya manachosi."

Achimwene amvekere, "Imeneyo ndi nyama yanji, ya miyendo ingati?"

Anthu kuseka. A Eddie anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi, tinthu topyapyala ta chimanga tokazinga, pamwamba nyemba, tsabola ndi tchizi. Akuti anayendayenda Blantyre yense kufunafuna, anakapeza m'tauni pa malo ena a mabwana, koma zozizira, zosakoma, zongowonongera munthu ulendo.

Achimwene anayang'anitsitsa chithunzi chija. Amvekere, "Chimanga ndi nyemba? Zimenezi mpaka pasipoti?"

Zinawalowa m'mutu. Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panalibe mpumulo. Akayesa ufa woyera unkanyenyeka m'mafuta. Akayesa mgaiwa unkalimba moti amayi anatsala pang'ono kusiya dzino m'mbale. Wolawa ndinali ine, ndipo ndinatsegula nazo m'mimba kangapo. Mapeto ake anazipeza. Mgaiwa wosefa bwino, kaufa ka chinangwa pang'ono, kukanda, kupyapyalitsa ndi botolo, kudula ndi mpeni n'kuponya m'chiwaya. Pamwamba nyemba zophwanya, tomato, anyezi ndi kambuzi, nyengo ya mapeyala peyala. Tchizi anati adye a ku Joni konko. A Eddie atalawa anapukusa mutu, akuti si zenizeni. Koma mbale anaimaliza, n'kuitanitsa ina. Posakhalitsa anthu ankachoka ku Ndirande, ku Chilomoni, kusintha minibasi ku Limbe, kudzafunsa kuti pa manachosi a Nedi ndi pati.

Koma ntchito yomweyo ndi imene inawachotsa mu mpingo. Amayi athu ndi munthu wa tchalitchi kuyambira utsikana wawo, yunifomu yawo yoyera siona dothi. Achimwene nawo kale ankayimba kwaya. Akuluakulu a mpingo atamva kuti amapezeka pa bala anawaitana. Achimwene anafotokoza kuti iwo ali pakhonde, mowa uli mkati, pakati pali khoma. Sizinamveke. Akuti wokazingira oledzera ndiye amawapatsa mphamvu zomwera. Anawadula. Chondinyansa ine n'chakuti a mpingo omwewo ankaima kuseri kwa mpanda n'kumaitanitsa chipisi cha mu jumbo. Achimwene sanakwiye, amvekere, "Amayi, ndikadzapeza malo ena ndidzabwerera." Malo enawo ku Bangwe kuno ali kuti? Ndipo mankhwala a shuga a amayi ankachokera m'chiwaya chomwecho.

Thupi litafika pakhomo amayi sanayambe ndi kulira. Anatulutsa yunifomu n'kundipatsa kuti ndisite. Amvekere, "Modesta, pita kwa a Howard ukawauze kuti mwana wanga wapita. Abwere ndi nyimbo." A Howard ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu. Amayi ankafuna chinthu chimodzi chokha, mwana wawo asapite kumanda duu ngati galu.

Ndinawapeza a Howard akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinagwada n'kufotokoza.

Amvekere, "Pepani mayi, tamva ndithu. Koma malamulo mukuwadziwa. Malemu anali odulidwa."

Ndimvekere, "Abambo, munthu uja sankamwa."

"Sitikunena za kumwa. Tikayimba pa awa, mawa atiitananso pa eni bala."

"Nanga amayi aja? Ndi maliro ati a mu Bangwe muno amene amayi sanakayimbe? Mvula, dzuwa, miyendo yotupa, iwo patsogolo."

"Amayi anu tsiku lawo likadzafika tidzayimba mpaka mawu kutha."

Abale, munthu kumuuza choncho mwana wa mayi wamoyo! Ndinadzuka osatsanzika. Ndikanayankha ndikanachimwa.

Nditafika amayi anandifunsa kuti abwera nthawi yanji. Ndinawauza zoona. Yunifomu anavalabe, anakhala pafupi ndi bokosi maso ali kukhomo, kuti kapena wina asintha maganizo. Pa siwa panalibe nyimbo, kumangomveka kutsokomola ndi ana olira.

M'mawa wa tsiku loika kunatulukira a ku bala. A Blackson anabwera ndi lole ndi nkhuni, zimenezo ndithokoze. Koma ena anali akununkha kale, ndipo a Eddie anali atasenza chisipika paphewa. Anandiitanira pambali.

"Sisi, ife tagwirizana. Bokosi lidzere pa bala, Nedi atsanzike pa ofesi pake. Tiyikanso nyimbo zimene ankavina akamakazinga."

Ndimvekere, "A Eddie, mwayamba kale m'mawa uno? Mpingo watikana chifukwa cha bala yanuyo, ndiye mukufuna mutsirize kutivula?"

"Si chipongwe sisi, ndi ulemu."

"Ulemu wanuwo kapangireni ku Joni."

A Blackson anawakoka malaya, chisipika chinabwerera mu lole. Ine ndinali pakati, uku a tchalitchi akana, uku a mowa akufuna kuchita zawo, munthu wofuna zimene amayi akufuna panalibe.

Masana tinanyamuka. Njira ya kumanda imadutsa pa msika. Anthu analipo ambiri, bokosi atanyamula a ku bala omwewo, koma kunali zii, kumangomveka mapazi. Ogulitsa makala anasiya ntchito n'kumatiyang'ana. Ndinamva mayi wina pa benchi ya usipa akufunsa mnzake, amvekere, "Bwanji sakuyimba? Ameneyu anadzimangirira?"

Amayi anamvanso. Anaima pakati pa msewu, anthu onse n'kuima. Anakonza duku lawo. Kenako anayamba okha nyimbo, ija achimwene ankatsogolera ku kwaya. Mawu anali onjenjemera, osapita patali. Mzere woyamba unatha popanda wovomera. Kenako pansi pa bokosi panamveka besi. A Blackson! Kenako a Eddie, kenako onse aja a pa benchi ya ku bala. Kani anthuwa anakulira mu Sande sukulu. Vuto lake ankangodziwa ndime yoyamba yokha. Amayi akalowa yachiwiri iwo ankangong'ung'udza, n'kuwakokeranso koyamba kuja. Ndime imodzi yomweyo kuchokera pa msika mpaka kumanda, mpweya wa mowa uli thoo. Azimayi ena a mpingo amene anabwera ndi zitenje wamba, ngati aneba chabe, ankayimbira pansipansi ataweramitsa mitu kuopa kuonedwa.

Ena akumati zinali zokongola. Ine kukongola sindinakuone, mtima unkangondiwawa. Mayi wachikulire, wa shuga, amene wayimbira maliro a eni ake moyo wake wonse, kudziyambira yekha nyimbo pa maliro a mwana wake, omuvomera n'kukhala anthu oyenda dzandidzandi. Komabe achimwene sanapite duu. Amene anafunsa pa msika uja anayankhidwa.

Pano chiwaya chili kuseri kwa nyumba, chayamba dzimbiri. A Eddie anabwera kudzafunsa ngati ndimadziwa kapangidwe ka manachosi, akuti anthu akumabwerabe kuchokera ku Ndirande n'kubwerera. Ndinawauza kuti ine ndinkadziwa kulawa kokha. Yunifomu ija amayi anachapa, anasita, n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Lamulungu belu likalira amakhala pakhonde n'kumang'ung'udza ndime yomwe ija. A Howard anatumiza uthenga kuti akuwasowa ku tchalitchi. Amayi anayankha kuti miyendo ikadali yotupa. Ine ndikudziwa kuti si miyendo.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, kaya mumapemphera kuti, kaya munadyapo pa chiwaya paja, musatiiwale mukagwada. Muwatchule amayi, chifukwa ataya mwana ndipo kumene ankatsamira sakupitakonso. Munditchulenso ine Modesta, kuti mkwiyowu undichoke, pakuti mpaka lero ndikaona a Howard akubwera ndimadzera njira ina.