Nyumba ya Akalaliki ku Area 47

Nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba kudza kuno ku Lilongwe, ine ndinkakonza njinga ku Old Town, ndipo ndikaweruka ndinali tcheyamani wa dimba. Musaseke. Linali dimba la tonse a mzere wathu wa nyumba, m'mphepete mwa mtsinje, aliyense ndi bedi lake. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuika malamulo ndinkakutha. Lamulo langa lalikulu linali lakuti mwamuna alime ndi kuthirira, koma kuthyola ndiwo n'kwa amayi, poti mwamuna akathyola mpiru amachita ngati mbuzi yalowamo.

Kenaka kunabwera kalaliki wina wochokera kumpoto, wamtali, wa malaya oyera ngati sakhala m'dziko la fumbi. Nyumba yake ya boma ku Area 47 inali isanathe, choncho ankagona m'kachipinda pafupi ndi ife, mkazi ndi ana atatsala ku Zomba. Anadzapempha bedi mwaulemu, chipewa chili m'manja, ine n'kumupatsa.

Mpiru wake utakula, funso linabuka: nanga athyole ndani?

"Ndiziwathyolera ine," anatero mayi a kunyumba kwanga. "Munthu asafe ndi njala ndiwo zili m'munda."

Poyamba ndinaona ngati chifundo cha kutchalitchi. Koma chifundocho chinamera nthambi. Akathyola ankatsukanso. Nkhwani ankamusadzulira, kuchotsa ulusi wonse mosamala, pomwe wanga ndinkadya wondikanda pakhosi. Dzuwa litayamba kuswa mtengo anamufutsira masamba, n'kuyanika pa mphasa yanga yogonapo masana. Iyenso pothokoza sankafulumira. Ankawerama, n'kuthokoza m'Chichewa, n'kubwerezanso m'Chitumbuka, mayiwo akungosekerera ngati awerengeredwa vesi.

"Kodi ine munandisadzulirapo chonchi liti?" ndinafunsa tsiku lina.

"Inu abambo, munathokozapo liti?"

Ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndinati dziko likusintha, likulu labwera, tsono amuna nawonso azithyola okha. Mayi wina wachikulire, mwini bedi la anyezi, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"A tcheyamani, likulu labwera liti? Si dzana lomweli munkati mwamuna akathyola mpiru amachita ngati mbuzi?"

Amayi onse anafa nalo phwete. Akalaliki okha ndiwo anandiikira kumbuyo, amvekere maganizo a tcheyamani ndi anzeru. Zinandiwawa kuposa kusekedwako.

Ndinaona kuti mankhwala ndi amodzi basi: mkazi wake abwere. Ndipo mkaziyo sakanabwera nyumba isanathe. Loweruka lililonse ndinayamba kupalasa njinga mpaka ku Area 47, kudutsa misewu yatsopano yongothera m'tchire, kukaona nyumba ya mwiniwake. Amisiri ankayesa ndine wa boma.

"Bwana, zitseko sizinafike."

"Nanga mawindowa akudikira zitsekonso? Ikani!"

Atazindikira kuti ndine wokonza njinga chabe, anayamba kundituma. Ndinaponda matope, ndinasenza njerwa, ndinawamatira machubu ulere kuti asamachedwe m'mawa. Nyumba yanga yomwe inkadontha pakona, koma sindinakwerepo padenga. Ndinali kalikiliki kumangira munthu amene ndinkalakalaka atamezedwa ndi ng'ona.

Nyumba inatha mvula itayandikira. Lole ya boma inabwera ndi mipando, ana ndi mayi wojintcha wa mawu aakulu. Tsiku limenelo ndinathirira dimba lonse ndekha, ndikuimba nyimbo za kwaya zomwe sindidziwa n'komwe mawu ake.

Patapita masabata angapo, mayi uja anatulukira ku dimba kwathu. Anagwira mkazi wanga manja onse awiri.

"Ndinu amene munandisungira munthuyu? Ndinamupeza wonenepa! Tsono tamverani amayi, kuseri kwa nyumba kwathu kuli malo aakulu ongomera udzu, ndipo mpope uli pakhomo pomwepo. Mukuvutikiranji ndi ndowa kutsetsereka kumtsinje? Bwerani tidzalime kumeneko tonse."

Ndinatsokomola. Ndinati dimba lili ndi malamulo ake, ndipo silisamuka ngati boma.

"Inu khalani ndi malamulowo, a tcheyamani," anatero mwini bedi la anyezi. "Ife tikukaona mpope."

Loweruka lotsatira ananyamuka m'mamawa, makasu pamapewa, mbande za tomato m'malichero. Wanga ndiye anali patsogolo, atavala chitenje chimene ndinkachiona pa maukwati pokha. Ndinatsala ndi amuna anzanga awiri, mpiru utatambalala bwino, wina sakuyang'ana mnzake.

Madzulo mkazi wanga anabwera mapazi ali mbuu, nkhope ili ngwee.

"Abambo, nyumba ija ndi yokongola! Koma amisiri ake anagwira ntchito. Pakhitchini pokha, khoma lake lowongoka ngati lojambula."

Khoma limenelo njerwa zake ndinasenza ine. Ndinangoti ndamva, n'kutuluka panja kukapopa tayala lomwe linali lopopa kale.