Ngodya Imene Tinasiya Osakumba

Ndinapita kwa aneba anga m'mawa wa Lachiwiri, chikhomo cha malire m'dzanja limodzi, kabuku m'dzanja lina, kukadandaula za mbuzi zawo. Mawu ndinali nditawakonza bwino m'njira: ofatsa poyamba, olimba pakati, achikhristu pomaliza. Ndinawapeza akutongola chimanga pakhonde. Iwo ndi mai wamasiye, wamkulu kwa ine. Tinafika kuno ku Palabana chaka chimodzi kuchokera ku Petauke, ndipo ndi malemu mkazi wanga ankakondana ngati pachibale. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ba neba," anatero, "mbuzi ninagulitsa chaka chatha. Imodzi munagula ndimwe."

Ndinayang'ana kukhola. Munali mutamera bonongwe wofika m'mawondo.

Nkhani ya zikhomo inali iyi. Kumtunda kwa munda wanga kuli dothi lofiira la timiyala, lija amathira m'misewu ndi m'maziko a nyumba, limene oyendetsa matipa, malole otuta dothi, amati giravo. Chimanga pamenepo sichinapitirirepo m'chiuno. Mkazi wanga atamwalira, mawondo nawo atayamba kukana khasu, anthu omanga nyumba ku Silverest anayamba kubwera kudzafunsa zogula dothilo. Wina anadza ndi katapila, nakumba dzenje loyesera pangodya ya kum'mawa, nafikisa dothi m'manja, nati giravo yotere sanaionepo chigawo chino.

Ine sukulu ndinalekeza giredi seveni, koma chilichonse cholembedwa ndimawerenga, ngakhale nyuzi yokulungira vitumbuwa. Potenga chilolezo chokumba giravo ku khonsolo anandipatsanso kabuku, ndipo ndinakaloweza ngati katekisimu. Dothi lapamwamba ulichotse padera, uliunjike, tsiku lina udzalibweze. M'mbali mwa dzenje mukhale motsetsereka, kuti ng'ombe ikagweramo ituluke yokha. Waya kuzungulira. Kumba chigawo chimodzi, kwirira, kenaka china. Msewu uziuthira madzi, fumbi lisalowe m'nyumba za anthu. Ndinayesa malire ndi chingwe, ndinapaka zikhomo penti yoyera, ndipo ndinkayenda pakati pake manja kumbuyo ngati injiniya.

Koma zikhomo za pangodya ya kum'mawa sizinkagona pamene ndazisiya. Katatu konse ndinazipeza zitasuntha, ulendo uliwonse kulowa mkati, kotero kuti ngodya ija inkatsala kunja kwa malo okumba. Zoti mbuzi singazule chikhomo n'kukachikhomanso chilili mapazi khumi patsogolo, sindinaziganizire. M'kabuku munalibe.

"Khalani pansi," anatero amai aja, akundikankhira kampando ndi phazi. "Nazula ndine. Pakona paja musakumbe."

"Amai, malire ali papepala. Munda ni wanga."

"Nidziwa ni wanu."

"Nanga bwanji?"

"Ni nkhani ya azimai."

Ndinawauza kuti katapila ibwera Lachisanu, ndipo katapila simva nkhani ya azimai kapena ya azibambo, imangotsata zikhomo. Analeka kutongola. Anayang'ana chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo.

"Mwana wanu woyamba ali paja."

Mwana wathu woyamba anabadwa wakufa, chaka chachiwiri chikhalire kuno. Kwathu mwana wotere amati mtayo. Alibe maliro, alibe bokosi, alibe dzina, ndipo sapita kumanda a akulu. Amakamuika ndi azimai okhaokha. Ine tsiku limenelo anandiuza kuti ndikhale kuseri kwa nyumba, ndisalire mokweza, ndisafunse. Ndinaona azimai anayi akutuluka ndi khasu limodzi ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, nasamba m'manja, nabweza khasu pamalo pake. Mawa lake ndinalimira khasu lomwelo. Mkazi wanga atachira anamuonetsa malowo, koma kwa ine sananene kanthu, inenso sindinafunse, chifukwa ndimo tinaleredwera. Tinabereka ena atatu, onse ali moyo, ndipo ndinayesa kuti nkhaniyo inatha.

Pampando paja ndipo ndinakumbukira kuti ngodya imeneyo mkazi wanga sankalola kuti ifesedwe. Ankati pali miyala yambiri. Miyala inali paliponse kumtunda kuja, koma ine wowerenga zonse ndinavomera zaka zoposa makumi atatu.

"Tiyeni mukanionetse," ndinatero.

Tinakwera pang'onopang'ono, iwo ndi ndodo yawo. Atafika anaima, nazungulira, naimanso.

"Panali msekese apa."

"Ninaudula, amai. Chaka cha njala chija, ninaocha makala."

"Na chulu."

"Chinapita ku njerwa za kitchini."

"Mwaona. Manje nizadziwa bwanji?" Anagogoda pansi ndi ndodo. "Nikaika chikhomo apa, nikafika kunyumba mtima ukana, uti mwina ni pafupi. Mailo mwake kukacha nabweranso nasendeza. Anzanga atatu aja onse anagona. Nilibe wofunsa."

Tsiku lomwelo tinasuntha zikhomo pamodzi, iwo akuloza, ine ndikukhoma. Paliponse pamene anakayikira ndinkawonjezera mapazi asanu. Tinasiya malo aakulu ngati bwalo la tchalitchi.

Lachisanu woyendetsa katapila atawona malire atsopano anatsika, navula chipewa, nakanda mutu.

"Ba shikulu, nyama ili apa. Uko mwanisiyira ni mafupa."

"Kumbani mafupawo."

"Kapena muli na golide mwabisa?"

"Muli mau a m'kabuku," ndinatero, ndipo anaseka, nakwera. Ndilo bodza lokha limene ndinanamizira kabuku kaja.

Dzenje la giravo lagwira ntchito zaka ziwiri tsopano. Giravo ya kumadzulo ndi yosakanizika ndi dongo, ndipo matipa ena akabwera kamodzi sabweranso. Mulu wa dothi lakuda ndinaubzala udzu kuti mvula isaukokolole. Chigawo choyamba tinakwirira kale, chaka chino pamera nyemba, zoonda koma zamera. Waya anaubapo kawiri, ndinamanganso. Nthawi ya dzinja pansi pamaima madzi, ndiye ndimakhala pachipata kubweza ng'ombe za anthu. Mbali yoyang'ana kungodya ndinauza woyendetsa kuti aisiye yotsetsereka kuposa zonse, ndipo ndinayalamo miyala ndi manja anga kuti dothi lisagumuke.

Chimodzi chokha sindingakonze. Dzenje loyesera lija linakumbidwa zikhomo zisanabwere, amai aja ali ku Chongwe kuchipatala, ndipo lili mkati mwenimweni mwa malo tinasiyawo. Dothi lake munthu uja anapita nalo pa tipa, kukaonetsa mabwana ake. Lili pansi pa nyumba ya wina ku Silverest, kapena pamsewu. Ine ndinaimirira pambali tsiku limenelo, ndikumwetulira, ndikufunsa mafunso anzeru okhudza kuya kwake. Ndinalikwirira ndi dothi lakuda la pamulu, wilibala ndi wilibala, ndipo ndinatha sabata.

Tsiku lomaliza amai aja anabwera nakhala pamwala, akundiyang'ana ndikusalaza ndi fosholo. Ndinawafunsa ngati panali pamenepa.

"Siniganiza," anatero. "Niona monga panali chakumtunda. Koma sininganame kuli imwe, ba neba. Tinali kuyenda tayang'ana pansi."

Ndinati ndikufuna kuikapo mtanda. Anakana, nati amai ake a mwanayo sanaike, tisawapitirire. Ndinatsamira fosholo. Panali funso limene ndinalisunga kuyambira tsiku lija kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaona kuti amai awa akapita, lidzatsala lopanda woyankha. Ndinafunsa ngati mwanayo anali mwamuna kapena mkazi.

Anayang'ana uku ndi uku, ngati anzawo atatu aja angamve.

"Anali mkazi," anatero. "Ninamusambika ndine. Tsitsi lambiri, lakuda bii, monga lanu lija mukalibe kuyamba dazi."