Tsiku Limene Klarineti Sinalowe

Ntchito yanga yoyamba ku America ndinaipeza kudzera kutchalitchi. Ku South Bend ndinkayendetsa zokuzira mawu pa mapemphero a Amalawi. Mayi wina wa m'kwaya, namwino, anandiuza kuti bambo wina amene iye ankamusamalira akufuna munthu wodziwa mikisa, makina osakanizira mawu.

Anali a Reuben, Myuda wokalamba woimba chitoliro chotchedwa klarineti. Gulu lawo la anthu anayi linkasakaniza jazi ndi klezima, nyimbo zimene Ayuda a ku Ulaya ankavina pa maukwati. Nditamva koyamba ndinkangoti zida zikukangana. Ng'oma inkathamanga kwake, saksofoni inkakuwa, koma klarineti ya a Reuben inkalira ngati mayi pamaliro, kenaka n'kuseka mwadzidzidzi.

Anandiphunzitsa kuikira klarineti maikolofoni awiri, pakati pa mabatani ndi kumapeto kwake. "Chida ichi sichilankhulira pamalo amodzi, Chikondi," ankatero.

Chaka chachiwiri mapapo awo anayamba kufooka. Anapeza situdiyo yaing'ono ku Indianapolis, cha ku Lafayette Road, kuti Lamlungu lina masana tijambule nyimbo imene amayi awo ankaimba pokanda ufa wa buledi. Inali isanalembedwe paliponse. Anaiimba yonse osapumira, moti woimba ng'oma anamaliza misozi ili m'masaya.

Ine ndinaona timagetsi tobiriwira tikuphethira pa mikisa, ndinakhutira. Pa kompyuta sindinayang'ane. Nditabweza kuti timve, munali ng'oma, besi ndi saksofoni basi. Mizere iwiri ya maikolofoni a klarineti ndinaiwala kuitsegula pa kompyutapo kuti ijambule. Klarinetiyo inkangomveka patali, kudzera m'maikolofoni a ng'oma, ngati munthu akuimba kuseri kwa chitseko.

"Pepani bambo, ndalakwitsa ndine. Tingabwereze?"

Anayesa. Ananyowetsa kabango ka kukamwa kwa klarineti, n'kuuzira, koma chifuwa chinawagwira. Anagoneka klarineti pamiyendo.

"Tidzabweranso," anatero, akundisisita phewa.

Sitinabwerenso. Patapita milungu yochepa anamwalira. Mwana wawo wamkazi atapempha zimene tinajambula, ndinampatsa, ndipo ndinamuuza zonse osabisa. Anagunditsa khutu ku sipika, maso atatseka.

"Ndikuwamva pang'ono," anatero. Sanandikalipire. Mwina akanandikalipira ndikanapepukidwa.

Mpaka lero, munthu asanayambe kuimba ndimajambula kaye pang'ono, n'kumvetsera m'mahedifoni mzere uliwonse pawokha. Oimba ena amadandaula kuti ndikuwachedwetsa. Ndimapepesa, koma sindidumpha mzere ngakhale umodzi.