Nyimbo ya Njerwa ku Mavwere

Ku Mavwere kukamveka kuti kukubwera mlendo wa galimoto, uthenga unkayamba kufika kwa Mayi Esitele, chifukwa ndiwo ankatsogolera nyimbo. Mawu awo anali oti akayamba kuimba pabwalo la sukulu, wopalira mtedza kumunda ankaimika khasu. Nthawi ya chipani chimodzi anaimbira aliyense amene anauzidwa kuti amuimbire. Matipate atabwera anangosintha chitenje, nyimbo n'kukhala zomwezo. Okha ankaseka kuti pakamwa pawo m'paganyu, koma ganyu wake wosalipidwa.

Chaka cha 2003 boma linatulutsa ndalama zomangira kachipatala m'deralo, kuti amayi aleke kuchirira panjira popita ku Boma. Mwa chizolowezi cha chitukuko, njerwa zinali za eni mudzi. Amayi anatunga madzi ndi kuponda matope, abambo anaumba n'kuwotcha uvuni. Mayi Esitele msana unachita kuwawa, koma sanadandaule. Mwana wawo Ivy anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo masiku ake ankagwera m'dzinja, pamene msewu wa ku Boma umasanduka phala.

Makoma anakwera bwinobwino. Kufika padenga, ntchito inaima. Kontilakitala, a Dickson, anati ndalama zatha. Mbuzi zinayamba kugona m'chipinda chochiriramo, uku mitambo ikusonkhana cha ku Zambia.

Mu Okutobala kunabwera bwana wa ku Lilongwe kudzayendera zitukuko, ndipo amayi anaitanidwa kuti akamulandire. A Dickson anaimirira ndi tayi wawo kufotokoza mmene ndalama zinayendera. Analankhula momasuka, poganiza kuti amayi ovina samvera malipoti, amangodikira pothira nthungululu. Anatchula simenti, anatchula zitseko, kenako anati, "Komanso njerwa, bwana, tinagula modula kwambiri."

Mayi Esitele makutu anawatentha. Anayang'ana mnzawo Rhoda, amene ankatsogolera oyankhira, nayenso ali kukamwa yasa. Mantha anali nawo, tisaname, pakuti anakulira m'masiku amene wofunsa boma ankakagona kosadziwika. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Dickson atakhala pansi, m'malo mwa nthungululu panangoti zii. Kenako Mayi Esitele anakweza mawu:

"Njerwa tinaumba tokha, bwana,
msana ukali kuwawa.
Wakugulitsani ndani?"

"Wakugulitsani ndani!" anayankha a Rhoda ndi gulu lonse. Ang'oma, amene nawonso anawotcha nawo uvuni uja, anailandira nyimboyo ngati anaiphunzira kalekale.

Bwana uja anakweza dzanja. "Mayi, nyimboyi ikuti chiyani kodi?"

Mayi Esitele anagwada mwaulemu wonse. "Pepani bwana, sitikuchita mwano ayi. Ndalamazo n'zathunso. Fodya wathu amam'dula msonkho ku okushoni, sopo ndi shuga timagula ndi msonkho. Ndiye tingofuna timuone wogulitsa njerwayo, tim'patseko moni, poti ife tinaumba zaulere."

Anthu anafa nazo nseko. A Dickson anapukuta thukuta n'kunena kuti mlembi wawo ndiye analakwitsa. Bwanayo analonjeza kuti afufuza, n'kukwera galimoto.

Malonjezo a pamsonkhano Mayi Esitele ankawadziwa bwino, si anawaimbira moyo wawo wonse? Choncho sanadikire. Lolemba lotsatira anadzaza matola ndi amayi anzawo mpaka ku Boma, n'kukakhala pakhonde la ofesi yoyang'anira zitukuko, nyimbo ili pakamwa. Amalonda a mumsika anatseka maokala kudzaonerera, ena n'kuyamba kufunsa nawo za ndalama ya tikiti imene amalipira tsiku ndi tsiku. A mu ofesi anatseka mawindo, koma mawu a mayiwa sadziwa windo. Dzuwa lisanapendeke, a Dickson anaitanitsidwa.

Sabata isanathe, lole inafika ku Mavwere itasenza malata ndi mapulanga, zogulidwa ndi ndalama ya njerwa ija. Denga linakhomedwa, ndipo posakhalitsa boma linatumiza namwino. Anthu anagwirizana pomwepo kuti katundu aliyense wa chitukuko asamatsitsidwe asanalengezedwe pagulu, mtengo wake ndi kumene wagulidwa, ndipo zonsezo zizilembedwa pachikwangwani panja. Mayi Esitele anasankhidwa kukhala mu komiti. Kuwerenga sankatha, koma ankaimitsa wowerengayo n'kumuuza abwereze mpaka aliyense amve.

Mvula yamphamvu inagwa masana ena a mu Disembala, msewu wa ku Boma n'kuduka pamlatho. Tsiku lomwelo Ivy matenda anamuyamba. Mayi Esitele anakhala pakhonde la kachipatalako, malata akulira pamwamba pawo, mtima uli m'mwamba. Kenako namwino anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Agogo, lowani mudzaone mdzukulu wanu. Ndi mtsikana, ndipo onse ali bwino."

Analowa misozi ili mbwembwembwe, mapazi ali matope okhaokha. Namwino anayang'ana simenti yake yoyera, n'kungowapatsa njira. Nyumbayo inali yawo.