Ananditengera mwana, kenako n'kundifunsa chifukwa chake ndinamutaya

Mpaka lero ndikakumbukira dona uja wa ku ofesi ya welofeya ku Pitoriya, mtima umandiwira.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Brooklyn, dera la azungu ku Pitoriya komweko, m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Amuna anga atamwalira, ndinkagona ndi mwana wanga Tiyamike m'kachipinda ka antchito kuseri kwa garaja. Wina anakanena kuti m'dera la azungu mukugona mwana wakuda. A welofeya anabwera ndi galimoto, n'kumupititsa kunyumba yosungirako ana. Anali asanagulule n'komwe mano.

Anamutulutsa ali namwali, cha m'ma 1980. Sankanditchulanso Amayi, ankangoti Anti. Buledi ankabisa m'malaya. Chitseko chikamenyeka, ankanjuta pansi atagwira mutu. Mayi wina wa kutchalitchi ku Mamelodi, dera la anthu akuda, ndiye anamupatsa pogona.

Ndinamva kuti ku ofesi ya welofeya komweko kuli dona wophunzira zothandiza ana ovutika maganizo. Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndinapita naye. Tinalowera khomo lakumbuyo m'mamawa. Anatiitana atamaliza nkhomaliro yake, akutokosa m'mano.

Funso loyamba: "N'chifukwa chiyani munamutaya mwanayu?"

Ine? Kumutaya? Galimoto ija inali ya malume anga?

Kenako anapatsa Tiyamike pepala kuti ajambule banja lake. Mwana anajambula mabedi okhaokha, m'mizere, opanda munthu. Ine misozi inalengeza. Dona anakweza pepalalo, n'kumwetulira, n'kunena kuti mtsikanayu ndi wadongosolo, adzakhala wantchito wabwino wa m'nyumba. Sukulu yonse ija anapitira zimenezo!

Ndiye anatipatsa mankhwala ake. Akuti tizidyera limodzi madzulo alionse, tizigona nyumba imodzi, mwana azimva chikondi cha mayi ake.

"Nyumba yake iti, madamu?" ndinafunsa.

"Kwanu."

"Kwathu ndi kuseri kwa garaja, kumene ofesi yanu yomwe ino inamuchotsa. Akagonako, apolisi atinyamula tonse."

Anati zimenezo n'za ofesi ya mapasi, zitupa zololeza munthu wakuda kukhala m'dera la azungu, iye amaona za mumtima zokha. Anayang'ana wotchi. Akuti tibwerenso mwezi wamawa.

Pa siteji ya basi Tiyamike anandikoka mkono. "Eish, Anti, mwataya tsiku lanu chifukwa cha ine." Mwana wodwala mtima n'kumapepesa!

Mwezi wotsatira tinabwereradi. Dona anali patchuthi kunyanja. Kalaliki amene tinamupeza anatiuza kuti nkhani ya Tiyamike anaitseka kale, poti mayi ake ndi osamva malangizo.

Tiyamike anachira pang'onopang'ono m'manja mwa amayi a ku Mamelodi aja, amene sanamujambulitsepo kanthu. Ine ndinkangomuona Lachinayi basi.

Dona uja, ngati mukadali moyo, ndikudikirabe yankho. Inu munati mwana agone kwa mayi ake. Wapolisi anati akagonako amumanga. Nonse malipiro ankachokera m'thumba limodzi la boma. Ndikanamvera uti?